Belu Linalira Kasanu

Mwana wawo atamwalira, mwamuna wa mayi wina telala anangoti pakamwa tseke. Miyezi inayi yathunthu, abale inu! Kamwanako kanangokhala ndi moyo masiku khumi ndi limodzi, ndipo chibwerereni kumanda bamboyo sanakatchulepo ngakhale kamodzi. Akaweruka kusitolo ya utoto kumene ankagwira ntchito, ankangovula nsapato, kudya, kuyatsa wailesi, basi. Telala sankafuna zambiri ayi. Ankangofuna kuti tsiku lina munthuyu atsegule pakamwa, anene kuti nayenso zikumuwawa, kuti iye asamalire yekha ngati kuti mwanayo anachita kumutola panjira.

Ndiye ndi telala yemweyo amene anamukankhira ku kalabu ya olankhula pagulu. Anamva za kalabuyo kwa kasitomala wina wodzasoketsa jekete.

"Tapitani, bambo," anatero, "mwina akakumasulani lilime."

Anamumasuladi, koma ha! Kalabuyo inali ndi mwambo wake. Mwezi ulionse wapampando ankasankha mawu asanu osamvekamveka, aliyense nkuwalemba pa timakhadi. Munthu akamalankhula kutsogolo nkutchulapo limodzi mwa mawuwo, mayi wina wokhala pangodya ankaliza kabelu ka patebulo, enawo nkumagwedeza mitu. Wokwanitsa onse asanu ankamuveka kansalu kofiira pachifuwa.

Timakhadi timeneti tinadzaza nyumba. Pagalasi la kubafa, pachitseko cha filiji, kena mpaka kumata pa makina osokera a mkazi wake. Mwezi umenewo mawu ake anali nthumanzi, kakasi, tsembwe, chinunu ndi msunamo. Bamboyo akasowa sokosi m'mawa, ati wagwidwa nthumanzi. Tiyi akazizira, ati wamupatsa msunamo. Telala zinkamunyansa zedi, koma ankangodziuza kuti bola tsopano pakamwa pakutuluka kanthu.

Loweruka lina masana kunali koitana alendo, ndipo mwamunayo anati mkazi wake apite nawo. Chipinda cha kalabuyo chinali pamwamba pa sitolo ya mankhwala: mipando ya pulasitiki, fani yolira ngati makina osowa mafuta, ndi fungo la polishi losakanikirana ndi thukuta la anthu ovala mataye kukutentha. Telala anakhala mzere wachiwiri, chikwama pamiyendo.

Anayamba ndi mkulu wina wa dazi, kukamba za ubwino wodzuka m'mawa. Belu linalira kawiri. Kenako mtsikana wa ku banki anakamba za mphaka wake amene anasowa, nati anachita tsembwe. Ngiri! Anthu m'manja phuphuphu. Asa, anthu akuluakulu ndithu, ena a imvi zawo, kusangalalira kabelu chonchi!

Ndiyeno wapampando anaitana mwamuna wake. Anaima kutsogolo atavala jekete limene telala anasoka ndi manja ake, nakonza taye.

"Ine ndinali ndi mwana," anayamba.

Telala anadzutsa mutu. Mwamunayo sanamuuze kuti adzakamba zimenezi.

"Tsiku limene adokotala anatiitanira pambali, ndinagwidwa nthumanzi."

Ngiri!

Mayi wa belu uja sanaphethire nkomwe. Anachonga papepala lake, nadikira lotsatira. Mwamunayo anapitiriza. Ati atalowa m'chipinda chimene mwana ankagona nkuona kabedi kopanda kanthu, anangoti kakasi. Ngiri! Ati atanyamula kabokosi ka maliro, kupepuka kwake kunamuchititsa tsembwe. Ngiri! Mkulu wa dazi uja anatsamira kwa mnzake nkunong'ona kuti, "Atatu amenewo." Mwana wake, mwana amene telala anamuyamwitsa mpaka tsiku lomaliza, akumuwerengera ndi belu ngati zigoli za mpira! Telala anagwira chikwama kuti anyamuke.

Koma pamenepo mwamunayo anasiya kulankhula. Anatembenuka, namuyang'ana iyeyo m'maso. M'chipinda monse zii, fani yokha.

"Mayi ake ndi awo ali apowo," anatero motsitsa mawu. "Ndinawasiya alire okha. Ndinalakwa."

Belu silinalire, chifukwa munalibe liwu la pakhadi m'menemo. Telala misozi inangoti mbwe. Anaiwala belu, anaiwala wa dazi uja, anaiwala zonse. Miyezi inayi anadikira zimenezi, ndipo lero wazimva ndi makutu ake. Chinunu ndi msunamo zitabwera kumapeto, belu nkulira kachinayi ndi kachisanu, iye sanasamalenso. Anali atakhululuka kale.

Anthu anaimirira, m'manja osati masewera. Wopereka ndemanga anayamikira kaimidwe ndi kayendetsedwe ka manja, nangodandaula kuti mpango wopukutira misozi anachedwa kuutulutsa. Wapampando anabwera ndi kansalu kofiira kaja.

"Tandigwirireni izi, mayi," anatero mwamunayo, akumupatsa mkazi wake timakhadi ta zolankhula zake timene anali nato m'manja, kuti amuveke bwino.

Telala sanafune kuwerenga. Maso okha ndi amene anagwera pa khadi lachinayi. Zolemba zake ankazidziwa bwino, zija zopendekera za pa malisiti a utoto. Ena mwa mawu asanu aja anali odulidwa mzere kunsi ndi inki yofiira. Ndipo chapakati, m'kabokosi kojambula bwino ndi rula, munalembedwa kuti: Apa ima. Yang'ana mkazi. Werenga mpaka atatu. Tsitsa mawu.

Anawerenga kawiri. Misozi yake yomwe ija, imene inali isanaume m'masaya, inamunyansa, moti anaipukuta mwaukali ndi kuseri kwa dzanja.

Mwamunayo anabwera akumwetulira, kansalu kali pachifuwa.

"Mwamva, mayi? Onse asanu! Chiyambireni chaka palibe anakwanitsapo."

Telala anamuonetsa khadi lija, chala chili pa kabokosi.

"Mukundiyang'ana muja, bambo, mumawerenga?"

Mwamunayo nkhope inagwa. Analandira khadilo, naliyang'anitsitsa, nakanda kumutu. Telala anadikira. Akanangoti iyayi, ngakhale monama, mwina akanamukhulupirira.

"Ndinathamanga eti?" anafunsa modandaula. "Ndimadziwa ine. Poyeserera pagalasi ndimafika bwinobwino pa atatu, koma lero ndikuona ngati ndinalekera pa awiri."

Telala anamuyang'ana kuyambira kutaye mpaka kunsapato. Anamuikira timakhadi tonse m'thumba la jekete, thumba limene analisoka yekha, natsika masitepe osatsanzika munthu. Atafika kunyumba anamatula kakhadi kaja pa makina ake nkukaponya m'bini. Kenako anatsegula kabati, natulutsa timalaya ta mwana timene ankasunga kuti tsiku lina adzatipinde awiri, nayamba kutipinda yekha.