Njira Ziwiri za ku Sukulu ya Yaretzi

Ndimagulitsa matamale, timikate ta chimanga tophikira m'makoko, pamphambano pamene kanjira kathu kamakumana ndi msewu wa malole, kumapeto kwa mzinda. Ana onse a kumtunda kuno akamapita kusukulu amadutsa pa tebulo langa.

Yaretzi ndi mwana wa Herminia, mnzanga wa nyumba yoyandikana ndi yanga. Ndine ndinamunyamula pa ubatizo, ndiye mwanayo amanditi madrina, ndipo ine ndi mayi akewo timaitanana comadre. Herminia ankasoka mabuluku kufakitale ndipo ankanyamuka ana asanadzuke. Choncho Yaretzi, ali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndiye ankasambitsa mlongo wake Ulises, kumukweza pakaliyala pa njinga imene bambo awo anasiya popita kunja, kumpoto, kukasaka ntchito, n'kutsetsereka nayo.

"Madrina, lero mwapsereza, ndamva fungo!" ankatero podutsa.

"Choka iwe! Maso kutsogolo!"

Kutsogoloko kunalibe poyenda anthu. Mbali ina ngalande ya madzi onunkha, mbali ina khoma la fakitale ya simenti. Pakati pake malole a mchenga, usana wonse.

Tsiku lina kutagwa mvula, lole inakhotera kumbali pozemba dzenje. Yaretzi poithawa anaterereka, onse awiri n'kugwera m'ngalande. Ulises anatuluka ali matope okhaokha, akukuwa. Yaretzi sanalire, anangoyang'ana mwendo wake utapindika pamalo posapindika. Woyendetsa lole sanaime n'komwe. Njinga inapondedwa ndi lole yotsatira.

Azimayi tinatseka msewu ndi miyala ndi matayala. Kunabwera bambo wina wa kuboma, nsapato zake zonyezimira.

"Amayi anga, tamva. Tiika zitunda zoti malole azichepetsa liwiro. Poyenda ana tikonzanso."

"Liti?" anafunsa Herminia.

"Posachedwapa, mayi. Tachotsani miyalayi kaye."

Tinachotsa. Anatumiza anyamata ndi chitini cha penti, kudzalemba mizere yoyera pamsewu. Mwezi usanathe fumbi linali litaikwirira.

Chikhakha chitachotsedwa, Yaretzi anayamba kuyenda wapansi, akutsimphina pang'ono, Ulises kudzanja. Ankazungulira njira ina, yodutsa pakati pa nyumba zosamalizidwa kukafika pa mlatho wa oyenda pansi. Inali yaitali, koma yopanda malole.

Masana ena anafika pa tebulo langa akupuma wefuwefu.

"Madrina, galimoto ina yamagalasi akuda yatitsatira kuchokera pa mlatho. Bambo wina amene anali m'katimo wanditchula dzina. Walidziwa bwanji dzina langa?"

Ndinamupatsa atole wotentha, phala lathu lamadzimadzi la chimanga, kuti amwe. Sabata yomweyo mwana wamkazi wa mayi wina wogulitsa matotiya, mikate yopyapyala ya chimanga, kumunsi kuja sanabwere kuchokera kusukulu. Chithunzi chake chinamatidwa pa mapolo onse a magetsi, mpaka dzuwa linachifufutitsa.

Herminia anabwera kwanga, n'kukhala pa ndowa yovundikira.

"Comadre, ndilowere kuti ine? Uku malole, uku afisi. Ndikati ndiziwaperekeza, ntchito yatha."

"Ndiziwaperekeza ine."

"Ndi maondo anuwo? Mukafika ana akuweruka. Nanga akakutulukirani anthuwo, muwamenya ndi chipande?"

Tinayesa kuti ana aziyenda pagulu, koma gululo linkachepa tsiku ndi tsiku. Ena anawatumiza kwa abale, ena anangowatsekera m'nyumba. Ulises anapita kwa agogo ake kumudzi. Yaretzi ananena kuti apuma sabata imodzi yokha, ndipo anayamba kundithandiza kukulunga matamale m'makoko a chimanga.

Aphunzitsi ake, mayi Ofelia, anabwerako kamodzi.

"Mwanayu ali ndi mutu wa masamu, doña Herminia. Musamutaye."

"Ndibwerekeni mapiko, aphunzitsi, mawa lomwe mumuona m'kalasi."

Mayi Ofelia anayang'ana msewu, malole akungodutsa, fumbi lili koboo. Anasiya mabuku awiri n'kumapita. Chaka chitatha nawonso anasamutsidwa.

Pano Yaretzi wakwanitsa zaka khumi ndi zisanu. Amakulunga mofulumira kundiposa, koma salankhula kwambiri. Pali bambo wina woyendetsa galimoto yobweretsa madzi, wamkulu ndithu, imvi zayamba kale m'mbalimu, amene wayamba kufunsafunsa za iye. Lamlungu lapitali anafika pakhomo pa Herminia atanyamula nkhuku yootcha. Ndinaima pampanda kudikira kumva comadre akumuthamangitsa. Anamutulutsira mpando.