Bambo Asiya Fodya

Ndinaperekeza bambo anga kuchipatala chifukwa cha chifuwa chimene chinawakakamira miyezi itatu. Pachipata mlonda anawauza kuti asiye paketi yawo ya ndudu, poti lamulo latsopano sililola fodya m'kati mwa mpanda.

Adokotala atawapima anafunsa kuti, "Bambo, fodya mwasiya?"

"Ndasiya," anayankha molimba mtima.

Ine sindinafune kuwaikira kumbuyo. "Asiyadi, adokotala. Asiya kwa alonda pachipatapo, akatenga potuluka."

Bambo anandiyang'ana ndi diso lofiira. Adokotala sanaseke. Anaimika chithunzi cha mapapo awo pawindo n'kuloza pamene panawonongeka. "Apa sipangabwererenso. Koma mbali yatsalayi mukaisamala, ikusungani zaka zambiri."

Tikutuluka, mlonda uja anatithamangira, paketi ili m'manja. "Achikulire, mwaiwala katundu wanu."

Bambo anaima kuti apezeko mpweya, kenako anayang'ana ine m'malo moyang'ana mlondayo.

"Sindinaiwale," anatero. "Ndanena kale kuti ndasiya. Mwanayu wanditenga ngati wabodza pamaso pa anthu, ndiye aone yekha."

Anatsogola okha, ine ndikuwatsatira pambuyo.