Kuda kwa Ndalama za a Yobu

Lusiya anafika kwawo ku Amaveni, m'tauni ya Kwekwe, tikiti yobwerera ili m'chikwama. Ntchito imene anabwerera inali imodzi: kuchotsa amayi ake m'nyumba yakale ija n'kukawatula ku Gweru kwa mng'ono wake Danai, kumene chipinda chinali chitakonzedwa kale ndipo chipatala chinali pafupi. Akatero abwerere ku Mangalande, kumene wakhala zaka zambiri akusambitsa makolo a eni ake. Abwana ake anali atamuuza mosapsatira mawu kuti akapitiriza tchuthi adzapeza malo ake atalowa wina.

Amaveni anaipeza itafota. Mafakitale amene ankadzutsa anthu ndi kulira kwa sayirini anali zii, fumbi lokha ndilo linali lidakali pantchito. Ana a m'misewu ankamulonjera m'Chishona, ngakhale adzukulu a anthu amene kale ankavina gule kuseri kwa holo ya mowa.

Amayi ake, a Enelesi, miyendo inali itatupa ngati mitondo. Anali atagwa kale pakhomo la bafa n'kukhala pomwepo mpaka anansi anawamva. Koma nkhani yosamuka anaikana.

"Sindichoka. Bambo ako akwiya."

Bambowo, a Yobu, anali atagona kumanda kalekale, chifuwa cha kumgodi chitawamaliza.

"Akwiya bwanji, amayi? Akuuzani kutulo?"

"Koka thiranki ilo."

Lusiya analikoka pansi pa bedi. Munali majombo a labala a kumgodi, bulangete laubweya, nyuzipepala zachikasu ndi mabokosi a machesi. Pansi penipeni panali kabokosi kofiira komangidwa ndi malabala. Anakakumbukira. Kapitawo wachizungu anawapatsa a Yobu pamene iyeyo ankachoka m'dziko muno: ndalama zachitsulo zimene sizinagulepo kanthu, zogonekedwa pa nsalu yofewa. Ali mwana, bambo ake ankazitsegula pa Khirisimasi pokha, ana manja ali kumbuyo, ndipo munthu ankadziona nkhope ngati pagalasi. Anthu a m'tauni ankatcha banja lawo mabhurandaya, alendo opanda kwawo, koma m'nyumba mwawo munali chinthu chimene ngakhale ahedi a sukulu analibe.

Tsopano galasi lija linali litapita. M'mphepete zinali zakuda, chapakati zobiriwira ndi zofiirira, ngati mnofu wa munthu womenyedwa.

"Chiyambire iwe ndi Danai kunong'onezana pafoni zondichotsa pano, zikungoderabe," anatero a Enelesi. "Zikadzayera ndidzadziwa kuti mtima wawo wagwa pansi."

Mchimwene wake Fainos, amene ankakumba golide m'maenje a ku Connemara n'kumabwera kunyumba akafuna kuchapitsa zovala, anaseka atamva zimenezi.

"Sisi, mwawerenga mabuku onse aja koma mukugonja ndi dzimbiri? Phulusa ndi ndimu, basi. Mapoto a amayi amawala ndi chiyani?"

"Bwanji osabwera kudzakhala nawo iweyo, poti nzeru zakuchuluka?"

"Ine ndine wa pansi pa nthaka, sisi. Pamwamba pano ndi panu, a ndege."

M'mawa mwake Lusiya anakwera kombi ya ku Gweru kabokosi kali pamiyendo. Danai anali atamulozera kwa Praymore, mwamuna amene ankakonza mawotchi kuseri kwa sitolo ya mipando n'kumagulanso masitampa ndi ndalama zakale. Anali wonenepa, wolankhula mwaulesi, ndipo agogo ake anali a ku Tete, choncho Chichewa chake chinali chopindika koma chomveka. Anavala magolovesi oyera asanakhudze kanthu.

"Izi timazitcha pulufu, amai. Sanazipangire msika. Chidindo chake amachipukuta mpaka chiwale, n'kudinda mobwereza, ndiye pamwamba pake pamakhala ngati madzi odikha. Munazisunga ndi chiyani?"

Lusiya anatchula za m'thiranki. Praymore ankangogwedeza mutu pa chilichonse.

"Zvakaoma, n'zovuta. Labala, ubweya, machesi, nyuzipepala, zonsezo zimapuma sulufa. Ngakhale guluu wa m'kabokosi momwemu. Muwonjezepo chinyezi cha dzinja ndi utsi wa ku Kwekwe. Chitsulo chimamwa mpweya umenewo pang'onopang'ono. Chimayamba chikasu, kenako kufiirira, kubiriwira, mapeto ake bii."

"Ndiye si zachilendo."

"N'zachilendo zikapanda kutero. Ndipo pali ena amazikonda chonchi, amati utawaleza. Chimene mungachite n'kuimitsa pomwe zafikapa. Iliyonse m'kachibekete kake kotseka bwino, mpweya usalowe. Muikepo timapaketi tija toyamwa chinyezi timene timabwera m'mabokosi a nsapato. Kutali ndi khitchini, kutali ndi labala. Ndipo osagwira ndi zala."

Anamupatsa galasi lokuza zinthu n'kumulozera ndalama yaikulu kwambiri. Pakati pake panali mizere yopyapyala yozungulirazungulira.

"Wina anaigwira kamodzi, kalekale. Thukuta linalowa m'chitsulo. Chala chachikulu ndithu, cha mwamuna."

Lusiya anayang'ana nthawi yaitali. Mizereyo inali yoduka pakati, pamene mwala unawang'amba a Yobu chala chamanthu. Zithunzi za bambo ake zinalipo ziwiri zokha, zonse atavala chipewa, nkhope ili mumthunzi.

"Nanga kuti ziyere?" anafunsa.

"Ziyere kuti zitani? Mukapukuta mwapha. Zidzawala, inde, ngati supuni. Koma galasi lija silibwerera, ndipo chalachi chipita."

Anagula tizibekete tija ndi timapaketi n'kubwerera. M'kombi anakhala wopanikizika pakati pa thumba la makala ndi mayi wonyamula nkhuku, akuwerenga uthenga wa abwana ake wofunsa ngati tsiku lobwerera lili lomwe lija.

Anayesa kaye choonadi. Anakhala pamkeka pafupi ndi bedi n'kufotokoza za labala, za machesi, za utsi. A Enelesi anamvetsera mwaulemu, monga amamvetserera mlaliki wachilendo.

"Majombowo akhala m'menemo chimwalirire bambo ako. Bwanji sizinade nthawi yonseyi?"

"Zinkada, amayi, pang'onopang'ono. Inu simunkatsegula."

"Ndinkatsegula."

"Maso anu..."

"Maso angawa anakuona iwe usanadzione wekha. Munthu wa mawotchi angandiuze za mwamuna wanga?"

Masiku anapita. Danai ankaimba foni madzulo alionse, mawu ake akunka nafupika. Lusiya ankatunga madzi pa mjigo, kuwasambitsa amayi ake, kuwapaka mafuta m'miyendo, ntchito yomweyo ya ku Mangalande koma yopanda malipiro ndiponso yopanda ola lowerukira. Pa mpanda anansi ankamufunsa kuti abwerera liti, ena mwachifundo, ena pofuna kudziwa ngati adzasiye nsapato.

Tsiku lina masana, a Enelesi atagona, anatenga kabokosi kaja n'kukakhala kuseri kwa nyumba pamthunzi wa mpapaya. Anapala phulusa pa mbaula, nadula ndimu. Anayamba ndi zing'onozing'ono. Kuda kunkachoka mosavuta, mochititsa manyazi. Yaikulu ija anaisiya komalizira, ndipo anaganiza zoibisa n'kunena kuti yasowa, koma amayi ake ankadziwa malo a iliyonse pa nsalu ija. Anaiika pachikhatho, naipaka phulusa, natembenuzira nkhope kumpanda uku chala chikuzungulira.

Atazitsukuluza zinawala ndithu. Ukaziyang'ana chapambali, padzuwa, zinali ndi timikwingwirima tambirimbiri, ndipo nkhope siinkaonekamo.

A Enelesi atadzuka, Lusiya anawaikira kabokosi pamiyendo. Mayiwo anatsegula. Misozi inatsikira m'makwinya a masaya awo. Anayamba kuyimba chapansipansi nyimbo ya ku Mvano.

"Mtima wawo wagwa pansi," anatero.

"Eya, amayi. Ndiye ndimuuze Danai abwere ndi galimoto Loweruka?"

"Adzatani?"

"Kudzakutengani. Munanena kuti zikayera..."

"Ndinati ndidzadziwa kuti mtima wawo wagwa. Wagwa chifukwa chiyani? Aona mwana wawo wabwera pakhomo, akutunga madzi, akusesa bwalo. Ndiye pamene akondwa ndi pamene tiwathawe?"

Lusiya anawatambasulira dzanja.

"Amayi, ndapukuta ndine. Ndi phulusa. Onani m'zikhadabomu."

A Enelesi anagwira dzanja lija, naliyang'ana, nalisisita ngati la khanda.

"Ndikudziwa, mwana wanga. Fungo la ndimu ndalimva. Fainos wakhala akunena za phulusa chaka chonse, koma dzanja lake silinafikepo, ngakhale langa. Manja ndi ako, inde. Koma wakutuma ndani?"

Panja wina ankaitanira tomato. Foni inalira m'chipinda china, kulira kwa mauthenga a kuntchito, ndipo Lusiya sanadzuke.

"Umuuze Danai chipindacho aikemo loja wolipira lendi," anatero a Enelesi akutseka kabokosi. "Ndipo undithandize, ndikufuna kupita kubafa."

Lusiya anawalowetsa mkono kukhwapa, nawadzutsa pang'onopang'ono.