Nyumba Yakuda m'Sitolo ya Penti

Kwawo onse ankamutchula kuti Injiniya, ngakhale iye ankati ntchito yake ndi yolemba mapulogalamu a kompyuta basi. Mlamu wake, mwamuna wa mkulu wake, anali ndi sitolo ya penti, ndiye Injiniya anamupangira kapulogalamu kokopera makasitomala. Munthu akakhudza mtundu pa sikirini, nyumba yojambulidwa pamenepo inkavala mtundu womwewo, makoma, chitseko ndi mafelemu a mawindo omwe.

Loweruka lina masana foni inalira.

"Alamu, tabwerani mudzaone ntchito ya manja anu," anatero mwini sitoloyo. "Nyumba yanu ija yapsa."

Injiniya anapeza sitolo ili guu ndi fungo la penti. Pa sikirini nyumba inali yakuda bii. Patsogolo pake panaima bambo wina wadazi ndi mkazi wake, onse atapinda manja, osayang'anana.

"Awa afika m'mawa," mlamuyo ananong'ona. "Bambo akufuna buluu, mayi akufuna chikasu. Uyu akhudza, uyo akhudza, mpaka pa sikirini pagwa mdima."

Injiniya anakhala pa chitini cha penti, laputopu pamiyendo. Sanachedwe kupeza vuto, ndipo anaseka yekha. Pojambula mzere uliwonse, pulogalamu imabwereka cholembera kwa kompyuta, ikatha imayenera kubweza. Yakeyo inkangobwereka, kubweza ayi. Makasitomala ena ankasankha kangapo n'kumapita, madzulo makina n'kuzimitsidwa, choncho palibe ankadziwa. Koma banjali linakokolola zolembera zonse, kompyuta n'kutsala ndi chakuda chokha.

"Ndiye kuti taononga ife?" mayiwo anafunsa mwamanyazi.

"Ayi mayi, mwandithandiza. Vutoli ndikanalipeza chaka chamawa."

"Mwamva?" anatero bambowo. "Buluu wanga wathandiza mwana."

"Ndi chikasu changa, inu."

Injiniya anakonza kuti mtundu uliwonse ukhale ndi cholembera chimodzi chosungidwa, chogwiritsidwa ntchito mobwerezabwereza, n'kubwezedwa pulogalamu ikamatsekedwa. Atayatsanso makinawo, nyumba inabwerera yoyera mbee.

"Tsopano khudzani mmene mungafunire, zolembera sizidzathanso," anatero monyadira.

Mlamu wake anagwira kumutu. "Alamu, mwandipha. Mdima uja ndi umene unawaleretsa. Nditseka sitolo liti?"

Ndipo banjalo linayambiranso. Buluu, chikasu, buluu, chikasu. Anthu ogula maburashi anasiya zogula n'kuyamba kuchemerera, ena kumbali ya bambo, ena ya mayi. Injiniya maso anali pa laputopu, mtima uli m'malo poona kuti zolembera sizikuchuluka.

Kenako polimbirana sikirini, chigongono cha bambowo chinagunda mtundu wobiriwira. Nyumba inasanduka ngati tsamba lanthete. Onse anayang'anitsitsa sikirini.

"Komatu siikuoneka moipa," mayiwo anatero chapansipansi.

"Ndasankha ndine," anayankha bambowo.

"Ndi chigongono?"

"Chigongonocho n'cha ndani?"

Mayiwo analephera kudzigwira, anaseka mpaka kutsamira shelefu. Mlamu wa Injiniya sanadikire kuti auzidwe kawiri. Ananyamula yekha zitini za penti wobiriwira, n'kuthamanga nazo ku galimoto ya banjalo asanaganize zofunsa za denga.