Kasupe wa Njiwa pa Mapu a Boma

Tiburcio Lucero anapeza mkazi wake Crisanta akulimbana ndi chikhomo pakati pa munda wa nyemba. Chinali chachitatu m'mawa umenewo, ndipo monga zinzake chinali ndi kansanza kofiira kumutu.

"Chisiyeni chimenecho, mayi," anatero Tiburcio. "Anthu amenewa ali ndi asilikali."

"Asilikaliwo ndi amene anadzala nyembazi?" Crisanta anachigwedeza mpaka chinazuka, n'kuchiponya m'ngalande. "Munthu n'kulowa m'munda mwa mnzake osaodira, n'kumakhomamo mitengo, inu n'kungoti chete?"

Linali tsiku lachinayi chifikireni Aamerika ku Los Alisos. Anamanga mahema tsidya lina la ngalande, ndipo kukangocha ankayamba kukoka unyolo wawo m'minda ya anthu, wina akusuzumira m'kachitsulo ka miyendo itatu, wina akulemba. Ankati boma lawatuma kuti afufuze podzadutsa njanji yochokera kunyanja ya kum'mawa mpaka kunyanja ya kumadzulo. M'mudzimo munalibe anaonapo sitima yapamtunda. Chimene anthu ankadziwa n'chakuti zaka zisanu zapitazo anagona ali anthu a Mexico n'kudzuka ali a Amerika, ndipo chiyambire nthawiyo aliyense wobwera ndi pepala ankachoka atanyamula kanthu.

Masana kunabwera Anastasio, mlongo wake wa Crisanta. Iyeyu anayendapo ndi amalonda mpaka ku Missouri, anatolako Chingerezi, ndipo tsopano ankatanthauzira Aamerikawo.

"Alamu, chipewa chatsopano?" anatero Tiburcio. "Nanga mutu, ndi wakale womwe uja?"

"Sekani, alamu, sekani. Ndabwera ndi uthenga. Kaputeni akufuna munthu wodziwa mapiri a kumadzulo. Ndawauza kuti woposa inu kulibe."

"Mwawauzanso chiyani?"

"Kuti mumadziwa kopezeka madzi. Sitimayo imamwa, alamu, kuposa nkhosa za mudzi wonse uno. Kopanda madzi njanji siidutsa."

Crisanta anasiya kupera chimanga. "Achimwene, mwatchula kasupe?"

"Ndangoti madzi," anayankha Anastasio, maso ali pa nsapato zake. "Akapanda kupita alamuwa akatenga munthu wa mudzi wina. Ameneyo adzakumverani chisoni?"

Kasupe wa Njiwa anali kumadzulo, ulendo wa masiku atatu, wobisika kuseri kwa matanthwe moti munthu ankatha kudutsa pafupi osadziwa kanthu. Chaka chilichonse chachilala nkhosa za ku Los Alisos zinkapulumukira kumeneko. Panalibe pepala lililonse lonena kuti kasupeyo ndi wawo. Chimene chinkamuteteza n'chakuti alendo sankamudziwa.

Lamlungu potuluka m'tchalitchi, amuna anamuzungulira Tiburcio. A Melquiades Chávez, amene ankayang'anira kagawidwe ka madzi a m'ngalande, anamugwira pamkono.

"Upite nawo, mwana wanga," anatero chapansipansi. "Koma ukawadutsitse ku Miyala Yakuda. Ngolo ziwiri zikakathyoka adzalemba okha kuti kuno kulibe njira, njanji yawoyo ikasautse ena."

"Nanga tidziwa bwanji kumene wawadutsitsa?" anafunsa Porfirio wosula zitsulo. "Alamu akewo akudyera m'hema mwa kaputeni. Zapachibale izi."

Tiburcio anamucheukira. "Bwera ukaone wekha, Porfirio. Kapena miyendo inatupa ndi kukhala?"

Ena anaseka, koma ambiri sanaseke. Tiburcio anaona mmene ankamuyang'anira, anthu amene anakula nawo, ndipo mtima unamuwawa njira yonse yobwerera kunyumba.

Ananyamuka Lachiwiri ndi ngolo zinayi, asilikali khumi ndi oyeza malo asanu. Mwa oyezawo munali Mjeremani wina waimvi, wamagalasi, dzina lake Lindner, amene ankajambula mapu. Phiri lililonse ankafunsa dzina lake, ndipo Tiburcio ankamupekera.

"Ilo ndi Phiri la Apongozi Olusa. Linalo ndi Mphuno ya Wansembe."

Anastasio ankatanthauzira nkhope ili gwa, ndipo Lindner ankalemba zonse mosamala. Koma akatha kulemba ankamuyang'ana Tiburcio pamwamba pa magalasi kwa nthawi yaitali. Kuyang'anako kunkamusowetsa mtendere. Kodi munthuyu ndi wopusa, kapena wopusayo ndine?

Tsiku lachitatu analowa ku Miyala Yakuda. Miyala ya kumeneko ndi yakuthwa ngati magalasi osweka. Inang'amba nsapato za asilikali, inatulutsa magazi m'ziboda za nyulu, ndipo dzuwa lisanapendeke gudumu la ngolo imodzi linali litathyoka. Tiburcio anakondwa chamumtima. Zonse zinkayenda monga anapangira a Melquiades. Kutsogolo kunali thamanda la madzi amvula limene sanalionepo litaphwa. Ankati akawamwetsa pamenepo n'kuwabweza ali otopa ndi okwiya, koma amoyo.

Anafika pathamandapo tsiku lachinayi. Anapeza matope osweka ndi mafupa a mphalapala.

Tiburcio anagwada n'kukumba ndi manja mpaka m'zigongono. Fumbi lokhalokha. Atadzutsa mutu anapeza onse akumuyang'ana. Kaputeni, munthu wamtali wa milomo yopyapyala, analankhula mawu ochepa.

"Akufunsa ngati awa ndiwo madzi munkanena aja," anatero Anastasio.

"Auzeni kuti chaka chino mvula inavuta. Sindine Mulungu ine."

"Akuti m'migolo mwatsala madzi a tsiku limodzi. Akutinso kuyambira pano muziyenda ndi msilikali kumbuyo kwanu."

Kubwerera kumudzi kunali masiku anayi. Kasupe wa Njiwa anali kumpoto, ulendo wa theka la tsiku. Tiburcio sanamutchule, anangowauza kuti abwerere. Anaganiza kuti akayenda mwachangu, mwina angotaya nyulu zingapo.

Tsiku lotsatira nyulu ziwiri zinagwa osadzukanso. Dzuwa lili paliwombo Lindner anagwa pa nyulu yake ngati thumba la ufa. Anamugoneka pansi pa ngolo, milomo itachita ming'alu, akulankhula zosamveka m'chinenero cha kwawo. Msilikali wina anayamba kulira mopanda misozi.

Anastasio anamukokera Tiburcio pambali. Msilikali wa mfuti uja anawatsatira.

"Alamu, mukufuna tife?"

"Inu munkafuna chiyani pokanditchula kwa anthu amenewa?"

"Ndimafuna mutsogolere ndinu, osati mlendo! Ndinadziwa kuti mudzawasocheretsa. Mayina anu abodza aja anatanthauzira ndani? Koma kusocheretsa si kupha. Mukamuuza chiyani Crisanta? Kuti munandisiya pamiyala pano chifukwa cha nkhosa?"

Tiburcio anamuyang'ana. Mwina zinali zoona. Mwinanso Anastasio ndi kaputeni anapangana kale kuti amufikitse pamenepa, pomwe sakanachitira mwina. Koma lilime la Anastasio linali lotupa ngati lake, ndipo ludzu silinama.

"Auzeni kuti andipatse nyulu zinayi ndi migolo. Ndipita ndekha. Kusanache ndikhala nditabwera ndi madzi."

Kaputeni atamva anaseka kuseka kouma.

"Akuti ndiye kuti madzi mumawadziwa chiyambire," anatero Anastasio. "Akuti munthu amene wawanamiza masiku asanu sangamupatse nyulu zinayi zotsala ndi mphamvu. Tipita tonse, apo ayi sapita aliyense."

Tiburcio anakhala pamwala. Anaganiza za chilala cha chaka chimene anakwatira, nkhosa za midzi ina zikufa m'njira pomwe zawo zinabwerera zonse. Anaganiza za nkhope ya Porfirio. Kenako anayang'ana pansi pa ngolo, pomwe phazi la Lindner linkanjenjemera m'nsapato yong'ambika. Anali munthu wokalamba ngati bambo ake, wochokera kutali, amene mlandu wake unali kufunsa mayina a mapiri.

Anaimirira. "Mangani nkhalambayo pa nyulu. Ngolo zitsale."

Anawadutsitsa njira yokhotakhota, akulowa chigwa ichi n'kutulukira china, kuti asadzaikumbukire. Koma atacheuka anaona mmodzi wa oyeza aja atagwira kampasi m'manja, akulemba kukhota kulikonse. Anasiya zokhotakhota n'kulunjika.

Njiwa zinauluka zonse pamodzi atangotulukira pathanthwe. Anthu ndi nyulu anathamangira madzi osasiyana. Tiburcio yekha anaima kaye, akuona nsapato zachilendo zikuponda udzu umene agogo ake ankauponda. Kenako nayenso anagwada n'kumwa.

Anakhala pamenepo masiku awiri. Lindner atapezako mphamvu anatulutsa zipangizo zake, n'kuyeza phiri, n'kuyeza chigwa. Kenako anaitana Tiburcio ndi Anastasio.

"Akuti chitunda cha kuno n'chachikulu kwambiri," anatero Anastasio. "Sitima singakwere. Njanji mwina idzadutsa kum'mwera, kutali ndi kuno."

"Ndiye asalembe za kasupeyu. Sakumufuna."

Lindner anamvetsera, anavula magalasi n'kuwapukuta pang'onopang'ono.

"Akuti pepani. Anatumidwa kulemba zimene aona, ndipo akapanda kulemba iwo, anzawo alemba kale. Akutinso anadziwa kuti kulibe phiri lotchedwa Mphuno ya Wansembe. Akufunsa dzina la malo ano. Lenileni."

Tiburcio analoza madziwo. "Alembe kuti ndi kasupe wa anthu a ku Los Alisos. Alembe kuti ali ndi eni ake."

Lindner analemba. Tiburcio anasuzumira papepalapo. Anaona kadontho ndi timizere tokhotakhota, koma sukulu sanapiteko.

"Alemba chiyani, alamu?"

"Alemba zomwe mwanenazo."

"Mawu onse aja akwana pa timizere titatu timeneti?"

"Chingerezi n'chachidule," anatero Anastasio, n'kutembenuka kukamanga nyulu.

Aamerika anapitirira kum'mwera chakumadzulo, Anastasio ali nawo. Tiburcio anabwerera yekha. Anafika ku Los Alisos masana, amuna akupala ngalande. Makasu onse anaima.

"Unawadutsitsa kuti?" anafunsa a Melquiades.

"Ku Miyala Yakuda, monga munanenera. Thamanda linali louma."

"Ndiye anamwa kuti?"

Akanatha kunama. Panalibe mboni. Koma anali atatopa nalo bodza.

"Ku Njiwa."

Porfirio analavula m'ngalande. "Sindinanene ine? Akupatsa chiyani, Tiburcio? Chipewa ngati cha alamu ako?"

"Munthu ankafa, Porfirio."

"Munthu wake uti? Wathu?"

"Akuti njanji sidzadutsa kumeneko."

"Akutero ndani?" anafunsa a Melquiades. "Iwo omwewo? Kudzera m'kamwa mwa Anastasio?"

Funso lomwelo Tiburcio anali atadzifunsa yekha njira yonse. Makasu anayambiranso kugunda, ndipo palibe anamufunsa ngati wayenda bwino.

Kunyumba Crisanta anamuikira nyemba zatsabola n'kumvetsera nkhani yonse osamudula. Atamaliza anafunsa funso limodzi lokha.

"Achimwene ali moyo?"

"Ali moyo. Koma ngati ali kumbali yathu, sindikudziwa."

"Inenso sindikudziwa, ndipo tinayamwa bere limodzi." Anakhala pansi moyang'anizana naye. "Ndiye titani? Pepala lija lipita kwa akuluakulu awo. Wina adzaliona. Ngati si wa njanji, ndi wa ng'ombe."

"Papepalapo pali madzi, koma palibe munthu," anatero Tiburcio. "Ndikufuna wobwera nalo adzapeze nyumba, khola ndi utsi. Adzachite kutulutsa munthu m'nyumba mwake anthu akuona."

"Nyumba ku Njiwa? Kopanda tchalitchi, kopanda woyandikana naye?"

"Woyandikana naye tili naye kuno?"

Crisanta anayang'ana panja, kumene akazi awiri ankadutsa atatembenuzira nkhope kumbali. Anaimirira n'kuyamba kutsitsa nkhata za tsabola zimene zinali pakhoma.

Patatha masiku atatu anasenzetsa nyulu ziwiri mbewu, nkhwangwa, mabulangete ndi mwala woperera. Akutulutsa nkhosa m'khola, anapeza a Melquiades ali pachipata, atakwera bulu wawo, kamba wapaulendo atamumangirira kumbuyo.

"Mwabwera kudzatsanzikana nafe, bambo?" anafunsa Tiburcio.

"Ayi. Ndikupita nawo." Nkhope yawo sinasinthe. "Ndikaone ndi maso anga chimene ukukamanga. Ndiponso amene ukukawamangira."

Tiburcio anafuna kuwayankha mwaukali, koma Crisanta anamugwira pamkono.

"Tiyeni, bambo," anatero mayiyo. "Mukaonere pafupi. Miyala kumeneko ndi yambiri, onyamula ndiwo akuchepa."

A Melquiades sanaseke. Anagunda bulu wawo ndi chidendene n'kulowa kumbuyo kwa nkhosa, maso ali pamsana pa Tiburcio, ndipo atatuwo anayamba kukwera chitunda cha kumadzulo.