Mndandanda wa Thandie

"Laputopuyo apatse a Paison," anatero atsibweni ake a Liness, a Yakobe, akuloza ndi chibwano. "Ndiwo amuna a malemu. Iwe sankhapo chitenje."

Liness anaifungatira pachifuwa. Zovala za malemu mkulu wake, Thandie, zinali milumilu pamkeka, abale akugawana. Panali patatha masiku atatu chiikire maliro.

"Muli ntchito yake umu, atsibweni."

"Yowerenga akufa ija? Si imeneyo yamuitanira tsoka?"

Zaka ziwiri Thandie anayenda m'midzi ya ku Thambani, kulemba amayi oyembekezera amene anafera panjira yopita kuchipatala cha pa boma: mudzi, mtunda, maola amene anadikira galimoto. Manambalawo ankawasanja pakompyuta n'kujambula mapu osonyeza kumene imfa zachulukira. Lachisanu anayenera kukawaonetsa pamsonkhano, kukapempha ambulansi. Koma tsiku lake lobereka litakwana, nayenso anatsirizikira kumbuyo kwa pikapu, mwana ali m'mimba.

"Mawa ndikafufutitsa zonse," anatero a Paison, maso ali pansi. "Sindifuna manda m'nyumba mwanga."

"Amayi makumi anayi ndi awiri, alamu. Muwakwirire kachiwiri?"

"Anawalemba, eya. Nanga ambulansiyo inabwera? Mkazi wanga ali kuti?"

Liness anaifungatirabe laputopuyo.

"Pereka, mwana iwe," anatero a Yakobe. "Usatichititse manyazi pamaso pa akuchimuna."

"Ndichotsemo zithunzi zathu zokha," ananama Liness.

Anakakhala kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa nachesi, n'kulowetsa fulashi yake ya kusukulu. Batire linali litatsala pang'ono. Uku zinthu zikukopedwa, anatsegula mndandanda uja n'kutsika mpaka pansi.

Mizere inali makumi anayi ndi itatu.

Wotsirizawo unali ndi dzina la Thandie mwiniwake. Kupweteka kwayamba: 10:15. Galimoto yaitanidwa: 10:40. Yafika: 2:05. Zilembo zina zinali zopingasa, zina zobwerezabwereza. Liness anakumbukira mkulu wake ali pakhonde tsiku lija, thukuta kamukamu, akuti, "Tandipatsira makinawo." Iye ankayesa akufuna kuiwala ululu.

Kabokosi kamodzi kokha kanali kosalembamo, pansi pa funso lakuti: *Anafika wamoyo?*

"Liness!" anakuwa a Yakobe. "Zithunzi zake zingati?"

Anapukuta chala pachitenje, n'kulemba pang'onopang'ono: *Ayi.*