Kugogoda kwa M'mapaipi

Amuna anga, a Odeh, anasiya kulankhulana ndi mkulu wawo, a Mifleh, chaka chimene amuna angawo anadula mkuyu wa pabwalo kuti apeze poimika galimoto. Mkuyuwo anadzala ndi malemu bambo awo. Galimotoyo inaola kalekale, koma mkwiyo sunachite dzimbiri. Amuna awiri aimvi, obadwa bere limodzi, okhala nyumba imodzi muno mu Amman: alamu pansi, ife pamwamba, aliyense khomo lake ndi masitepe ake. Akakumana pageti, wina ankayang'ana kumwamba, wina nsapato zake. Ine ndinayesa kuwayanjanitsa mpaka malovu anauma m'kamwa.

Chimene chinakana kugawika ndi boyila. Bambo awo anaika imodzi yokha m'kachipinda kapansi, ndipo mapaipi a madzi otentha amachokera kumeneko, kudutsa kwa alamu, n'kukwera kwathu. Nyengo yozizira, alamu akatha pemphero la m'bandakucha ankatsika ndi ndodo yawo kukaiyatsa. Posakhalitsa mapaipi ankayamba kugogoda, go, go, go, madzi akukwera.

A Odeh ankadzuka osavala n'komwe masilipasi, n'kukaika dzanja pa chitsulo chotenthetsera m'chipinda chathu. Chikayamba kufunda ankati, "Nkhalamba ija yadzuka," kenako n'kuitanitsa tiyi. Mawu ake anali achipongwe, koma ine mwamuna wangayu ndimamudziwa. Umenewo ndiwo unali moni wawo, ndipo njira ina yodziwira kuti m'bale wawo wagona bwino analibe.

Ndiye kunabwera Rudaina, mwana wa alamu amene anakwatiwa ku Aqaba. Chimwalirire mayi ake, mtima wake sunkakhala pansi. Anafika ndi mmisiri, ndi kabokosi koyera, kakang'ono ngati sopo.

"Bambo asamatsikenso masitepe aja, adzaterereka tsiku lina," anatero. "Aka kamamva kuzizira kwa m'nyumba. Kukazizira kamayatsa boyila kokha, kukafunda kamazimitsa."

A Odeh anatsika mpaka pageti, n'kuima chammbali ngati akuona nyengo.

"Rudaina mwanawe, uwauze bambo akowo kuti tizinthu tamakonoti timamwa dizilo ngati ngamila."

"Ayi bambo, kameneka ndiye kamachepetsa," mmisiri uja analowererapo.

Alamu anayankha ali pakhomo pawo, maso ali kwa mwana wawo. "Uwauze a pamwambawo kuti za boyila si zawo. Akadule mitengo. Koma kabokosi kakoko sindikukafuna, miyendo ndikadali nayo."

Rudaina anaomba m'manja. "Mulungu ndi wamkulu! Lero mwagwirizana? Mayi aang'ono, mwamva zimenezi?"

"Ndamva, mwanangu," ndinatero ndili pakhonde. "Abulu awiri akana katundu mmodzi."

Ndinawayang'ana onse awiri, kudikira kuti wina atchule chifukwa chenicheni. Wina anakhosomola, wina anakanda ndevu. Ndinapsa mtima koopsa, chifukwa mawu ake anali ochepa ndipo onse awiri ankawadziwa. Mmisiri anaboola khoma la m'kanjira ka kwa alamu, anatsitsa waya kupita ku boyila, napotoza kagudumu ka pakabokosi.

"Basi, a Haji," anauza alamu. "Inu muzingogona, kazigwira ntchito kokha."

Sindinama, nyumba inayamba kufunda bwino kuposa kale. Koma mapaipi anasokonekera mutu. Ankagogoda m'mawa, masana, ngakhale tili pakati pa chakudya, nthawi iliyonse imene kabokosi kafuna. A Odeh sanasiye kuika dzanja pachitsulo, koma mawu aja anatha.

"Chafunda," ankatero.

"Ndiye?"

"Ndiye chiyani? Chafunda basi."

"Bambo a Samer, tsikani mukagogode. Chitseko sichiluma."

"Inu mayi a Samer, ine ndikagogode kwa munthu amene ananditcha wakuba pamaso pa alendo? Ayambe ndi iyeyo."

Choncho ntchito inagwera ine. Masana ndinkatsika ndi supu wa mphodza, n'kubwerako ndi nkhani. Ndikamanena kuti alamu akudandaula bondo, amuna anga ankakhala ngati akuwerenga nyuzipepala, koma tsamba silinkatembenuzidwa. Nawonso alamu polandira mbale ankafunsa, "Pamwambapo denga silikudontha?" Denga lathu silinadonthepo chimangire.

Mu Januwale kunagwa chipale chofewa chimene sitinachionepo kwa zaka zambiri. Misewu inatsekeka, masitolo osatsegula, masitepe athu akunja anaterera ngati galasi. Ndi chiuno changa chovutachi, a Odeh anandiletsa kutsika. Anati munthu safa ndi njala ya tsiku limodzi, buledi ndi mafuta a azitona alamu sizikuwasowa.

M'mawa umenewo mapaipi anagogoda mosiyana. Amati akagogoda n'kusiya, kenako n'kuyambiranso.

"Bambo a Samer, kugogoda kumeneku mukukumva bwino?"

Anaika dzanja pachitsulo. Chinali chotentha.

"Ndi mpweya walowa m'mapaipi. Patseni kakiyi kotulutsira mpweya kaja."

Anamasula kamlomo ka pachitsulo, mpweya unatuluka pang'ono, timadzi takuda n'kudonthera m'kapu. Anazungulira zipinda zonse akuchita zomwezo. Kugogodako kunapitirira, kukucheperachepera, ndipo dzuwa lisanafike pamutu kunaleka.

"Mwaona? Ndakonza," anatero, n'kukasamba m'manja.

Kutacha, foni yanga inalira. Anali Rudaina. Anati bambo ake sakuyankha chiyambire dzulo, ndipo poyamba ankayesa kuti ndi khalidwe lawo lija loiwala foni m'thumba la jekete. Sindinamalize n'komwe kufotokoza. A Odeh anatsomphola kiyi wa kwa alamu amene ndinkasunga, n'kutsika masitepe aja ndi masilipasi. Ine ndinatsatira pang'onopang'ono, nditagwira chitsulo cha m'mbali ndi manja awiri.

Titatsegula, mpweya wofunda unatiomba kumaso. M'nyumba munali bwinobwino, mwaukhondo, kapu ya tiyi ili patebulo. Alamu anali gone pansi m'kanjira, mwendo umodzi utapindika moipa, ndodo ili m'manja. Pafupi ndi mutu wawo panali paipi yokwera kwathu. Penti wake anali atasupuka malo aakulu ngati chikhatho, tizidutswa take tili mbwee pakapeti.

Amuna anga anayang'ana paipiyo, anayang'ana ndodo. Anagwada.

"Achimwene," anatero. "Ndine Odeh. Ndabwera."

Nthawi yomweyo kabokosi kaja kanalira kuti tsa, boyila n'kuyaka pansipo, madzi n'kuyamba kukwera. Ndinalira mpaka mawu anatha, ndipo theka la misoziyo linali la ukali.

Tinawaika tsiku lomwelo, anthu akukumba nthaka youma gwa. Pamaliro Rudaina ankangoti ndi iye walakwa. Si iye ayi, mwana anafuna kusunga bambo ake. Amuna anga sanauze munthu za kakiyi kaja, inenso sindinawakumbutse. Ndikanati chiyani chimene sakuchidziwa?

Kabokosi kadakali pakhoma pomwepo, kakuyeza kuzizira kwa nyumba yopanda munthu. Rudaina anati tikasamutsire kwathu, a Odeh anakana. Masiku ano mapaipi akagogoda amasiya tiyi, amatenga kiyi, n'kutsika. Ndimamva chitseko chikutseguka pansipo, kenako zii. Amabwerako ali wefuwefu, n'kukhala pansi. Mapaipi akagogodanso, amadzukanso.